Sabata Imene Ndinakwecha Kabotolo ka Mayi Tranter

Lolemba

Mayi Tranter anyamuka. Susan, mwana wawo, wabwera kudzawatenga m'mawa uno. Lero ndi opaleshoni ya ng'ala, ndipo akatuluka akakhala kwa Susanyo ku Bilston mpaka Lamulungu. Nyumba yonse ndi yanga! Ine wa lendi wa kachipinda ka m'mwamba, lero ndikuyenda wopanda nsapato paliponse, kaseti ya kwaya ikulira mokweza kuti a ku fakitale ya magalimoto amveko nawo.

Pakhomo andigwira nkhope ndi manja onse awiri, monga amachitira. Zaka zitatu ndili m'nyumba muno ku Longbridge, mu mzinda wa Birmingham, koma nkhope yanga amaidziwa ndi zala basi. Akuti: "Lamulungu ndidzakuona, bab. Usadzandikhumudwitse." "Bab" ndi mmene anthu a kuno amatchulira munthu amene amamukonda. Kenako, ali kale pa sitepe: "Undisungire amayi."

Amayi akunenawo ndi kabotolo. Pashelefu ya m'chipinda chochezera pali tinthu ta siliva takalekale:

timabotolo ta perefyumu tiwiri, tam'mbali
kabokosi ka mapilitsi
kabokosi kena ka timabowo, kamene akazi akale ankanunkhiza akafuna kukomoka (ankakomoka pafupipafupi, akutero)
kajagi ka mkaka kosakwana ngakhale tiyi wa munthu mmodzi
ndiye pakati penipeni, mfumu yake: kabotolo kotalika ngati chala chachikulu, kojambulidwa maluwa thupi lonse

Kapakatiko kanali ka amayi awo, amene ankagwira ntchito yopukuta siliva ku Jewellery Quarter, dera la osula siliva ndi golide, asanakwatiwe. M'mawa uliwonse, tiyi asanamwe, Mayi Tranter amakatsegula, kutsinzina, kununkhiza kamodzi, n'kunena kuti "Mwadzuka bwanji, amayi," basi n'kutseka msangamsanga. Amafuna kupita nako, koma Susan wakana, akuti kangasowe kuchipatala.

Ndakatsegula ine. Mulibe kanthu! Pansi pali katope kouma kofiirira, ndi kafungo ka m'bokosi la zovala zakale. Chisoni chandigwira. Munthu kumanunkhiza botolo louma zaka zonsezi, mwana ali ndi galimoto?

Ndipo tonse tada bii. Kwathu poto akada chonchi, mkazi wa pakhomopo amakambidwa mpaka kuchigayo. Mayi anga ankakwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka munthu uone mano ako. Koma mayi osaona angadziwe bwanji kuti zinthu zawo zada?

Mayi amenewa anandipatsa jasi la malemu amuna awo chisanu changa choyamba. Tsiku limene kalata ya imfa ya mayi anga inafika, maliro ataikidwa kale, anakhala nane pamasitepe mpaka tiyi kuzizira. Sindinawachitirepo kanthu kooneka. Ndiye pulani nayi:

1. Kukwecha tonse tiwale.
2. Kutsuka m'kati.
3. Kudzaza kabotolo ka amayi ndi perefyumu watsopano. Kwathu mbale ya eni sitibweza yakuda, sitibwezanso yopanda kanthu.
4. Kuona nkhope yawo Lamulungu, maso atsopano akadzagwera pashelefu.

Amayi ndiwasunga ndithu. Ndiwasambitsanso!

Lachiwiri

Pabasi yopita kuntchito ku Edgbaston ndalota njira yonse. Chitseko chikutseguka, dzuwa likulowa (mu maloto anga ku Birmingham kumawala dzuwa), shelefu ili waliwali, Mayi Tranter agwira pamtima, Susan wachita manyazi. Ndadutsa siteji yanga.

Ku labu ya chipatala ndikulemba mayina pa timabotolo ta magazi, koma maganizo ali kwa akazi a madiresi okwekwereza pansi, aliyense kabotolo kake m'manja, akukomoka mwaulemu mmodzimmodzi.

Ndauza Ndaziona, mnzanga nesi wa ku wadi ya ana. Akuti: "Upolishe zenizeni, mayiyo adziwe kuti unaleredwa. Sunday ndibwera ndi camera, ma-photo titumize ku home."

Ndikuyamba ndi tating'ono. Mswachi wakale ndi mankhwala otsukira mano: theka la ola, kajagi kangoyera pamlomo pokha. Ntchito ya ulesi imeneyi. Mchenga kulibe, phulusa kulibe, moto wa kuno ndi wa gasi. Koma pansi pa sinki pali kawaya kokwechera mapoto.

Eya, apa ndiye zinthu zikuyenda! Mphindi zisanu, kajagi mbee! Kali ndi timizere pang'ono, koma kuima patali sutiona. Kabokosi ka mapilitsi kayera, kayera, kenako pakona payamba kufiira. Ndakwecha kwambiri kuti kufiirako kuchoke, kwawonjezeka. Mwina ndi mtundu wa siliva. Ndakatembenuza, kofiirako kaloze kukhoma.

Kuti ndipeze nsalu yopukutira ndatsegula sutikesi. Chitenje cha mayi anga chili pamwamba, m'pepala lake la pulasitiki, chimene anandifunditsa pabwalo la ndege. Icho ayi, sichikhudzidwa. Ndaziona anafuna kuchiponya m'makina ochapira chaka chatha, tinatsala pang'ono kudana. Ndang'amba siketi yamkati yakale.

Lachitatu

Tsiku la mfumu.

Kunja kwake kwanditengera ola lathunthu. Litsiro linalowa m'maluwamo, m'masamba, m'zilembo ziwiri zopotana za dzina la amayi awo. Kawaya kagwira ntchito. Maluwa asalala pang'ono, koma akuwala, ndipo chofunika n'chimenecho.

M'kati ndiye ntchito yanga yeniyeni. Ine botolo sindimalitsuka mwachibwana, ku labu amandidziwa. Timatsuka katatu, kuti pasatsale kanthu kosokoneza zotsatira:

koyamba, madzi otentha ndi sopo
kachiwiri, viniga
kachitatu, sipiriti, kuti muume gwa

Ndikulemba izi chifukwa pachitika chodabwitsa. Nditangothira madzi otentha, katope kaja kasungunuka, ndipo khitchini yonse yadzaza fungo. Osati la m'bokosi lija, ayi. Maluwa enieni! Onyowa, ngati angothyoledwa mvula itakata, ndipo pansi pake pali kafungo kotentha ka khosi la munthu. Ndaima chilili, botolo m'manja. Ndamva ngati pali mayi waima pambali panga pasinki, wa epuloni yaitali, zala zakuda ndi polishi, akundiyang'ana mmene ndikugwirira ntchito yake. Ndinatsala pang'ono kumupatsa moni.

Kenako ndakhuthula madziwo, ndatsegula mpopi, ndatsegulanso windo chifukwa mutu unayamba kuzungulira. Mphindi ziwiri, fungo lapita.

Viniga. Sipiriti. Kachitsekero ndakaviika pakokha m'kapu. Ndanunkhiza: zii! Abwana anga a ku labu akanandiombera m'manja.

Shelefu ikuwala moti ndadya nditakhala moyang'anana nayo. Mawa ndikagule perefyumu.

Lachinayi

Ndaweruka masana. Ndapita ku Jewellery Quarter, kabotolo kali mumpango, kuti akandiuze perefyumu woyenera chinthu chaulemu chotere. Misewu ya njerwa zofiira, timawindo tambirimbiri. Ndimayang'ana m'mwamba kuti mwina mayi wa epuloni uja ankakhala pawindo liti.

Ndalowa m'kasitolo ka mdala wina wa kagalasi padiso. Ndafunyulula mpango monyadira. Iye wayang'ana, wachotsa kagalasi, wakapukuta, wakabwezeranso.

"Wachita izi ndani?"

Ndati m'bale wanga wina.

Wandionetsa pansi pake. Pali tizizindikiro tosindikizidwa: nangula, ndiye kuti kanayesedwa kuno ku Birmingham, ndi mkango, ndiye kuti siliva weniweni. Tinalipo, ndiyenera kutero. Nangula watsala ndodo yokha, mkango ulibe mutu. Akuti kuda kwa m'maluwa kuja ndi kumene kumaonetsa maluwawo, ndipo kumatenga moyo wa munthu wathunthu kuti kubwere. Akuti: "M'bale wanuyo mukamuuze azikwecha mapoto."

Ndati ndikamuuza.

Wanunkhiza m'kati, wandiyang'ana, wandibwezera kabotolo. Za perefyumu sindinafunsenso.

Pabasi ndadzilimbitsa mtima. Mkango ndi mkango, Mayi Tranter sanauonepo n'kale lomwe. Mdalayo ndi wa nsanje chabe.

Ndafika wotopa, mtima wolemera, ndachita zimene ndimachita mtima ukalemera. Ndatsegula sutikesi. Ndamasula pulasitiki ya chitenje pakona pokha. Ndatsinzina. Utsi wa nkhuni, sopo wamtanda, mafuta a m'tsitsi, thukuta la mayi anga. Ndati "Mwaswera bwanji, amayi," n'kumanga msangamsanga kuti fungo lisathe.

Kuti lisathe.

Ndakhala pansi pomwepo, pakapeti.

Mayo ine. Botolo lija silinali louma. Anati ndiwasungire amayi, ine ndawathira m'sinki, n'kutsegula mpopi, n'kutsegulanso windo.

Lachisanu

Sindinapite kuntchito, ndati m'mimba. Si bodza kwenikweni.

Pulani yatsopano:

1. Kubweza fungo.
2. Kubweza kuda.
3. Kubweza mutu wa mkango (izi mwina ayi).

Fungo kaye. Pansi pa sinki pali paipi yokhota, ndipo madzi amatsalira pokhotapo. Ndamasula ndi sipanala ya malemu Bambo Tranter, beseni pansi. Zimene ndapeza: masamba a tiyi, mafuta oundana, mpunga wa sabata yatha, supuni yaing'ono imene takhala tikuifuna chiyambire Khirisimasi. Ndagwada, ndanunkhiza beseni lonse mbali ndi mbali, ine mayi wa dipuloma. Amayi awo mulibe. Paipi tsopano ikudontha.

Kuda n'kosavuta, sukulu ndinapitako. Siliva amada ndi mpweya umene uli m'mazira. Ndaphika khumi ndi awiri, ndawaphwanya ali otentha, ndawaika m'chidebe cha pulasitiki pamodzi ndi tinthu tonse, ndatseka. Zimene mpweya wa Birmingham unachita zaka zonsezi, ine ndichita masana amodzi!

Ndikudikira, ndalota nditakhala. Mayi wa epuloni akuyenda m'mapaipi pansi pa mzinda, akudutsa pansi pa fakitale, pansi pa Edgbaston, akutulukira m'ngalande zija za mabwato, ndipo abakha onse akununkhira maluwa.

Ndatsegula chidebe. Kajagi kachita chikasu. Kabokosi ka timabowo kachita pepo mbali imodzi. Kabotolo ka amayi kali mawangamawanga ngati nkhanga. Ndipo ndinaiwala kukatseka, ndiye m'kati monse ndi mazira. Nyumba yonse ndi mazira. Makatani, mazira. Ine, mazira!

Foni yalira, Susan. "Amayi akuona! Akhala pawindo tsiku lonse, akuwerenga manambala a mabasi. Akuti ndakalamba. Akufunsa ngati agogo ali bwino."

Ndati ali pashelefu.

Loweruka

Kumsika wa m'tauni, pa mabenchi a perefyumu. Ndafotokozera mayi wogulitsa: maluwa onyowa, akalekale, ndi kafungo ka khosi la munthu. Akuti maluwawo mwina ndi vayoleti, akazi akale ankawakonda. Za khosi akuti alibe.

Ndanunkhiza mabotolo khumi ndi anayi. Padzanja, pamkono, pachigongono, malo atha, ndabwereka mkono wa Ndaziona. Mayi uja akuti: "Mphuno ikadutsa atatu imayamba kunama." Yanga ikunama kuyambira Lolemba.

Ndagula vayoleti mmodzi. Kunyumba ndayesera m'kapu kaye: dontho la vayoleti, dontho la tiyi wozizira kuti akalambe, kafumbi ka pamwamba pa kabati ya zovala. Ndavundula. Zikununkhira ngati sopo wa m'bafa la hotela. Ndawonjezera fumbi. Sopo wafumbi.

Malangizo a Ndaziona, atatseka mphuno ndi mpango pakhomo la khitchini:

"Ungowauza kuti zina-evaporate-a zokha, central heating imaumitsa zinthu."
"Kapena uthire vayoletiyo, munthu wa eighty sangasiyanitse."
"Apo ayi u-move lero lomwe, kwa cousin wanga kuli box room."
"Camera ndibwere nayobe?"

Ndamuuza asabwere nayo.

Za kuthira vayoleti ndaziganizira, ndisaname. Ndinafika potsegula botolo. Koma ndadzifunsa: wina atachapa chitenje changa, n'kuchifukiza pa mbaula kuti chimveke utsi, sindingadziwe? Ndingadziwe mpweya woyamba womwe. Ndipo chingandipweteke kwambiri si kuchapako, koma kundiyesa chitsiru.

Ndatseka vayoleti. Ndatsegula mawindo onse. Ndaika beseni pansi pa paipi. Tinthu ndatibwezera pashelefu, chilichonse pamalo pake, mfumu pakati. Sutikesi yanga ndailongedza, mwina ifunika.

Lamulungu

Kulibe dzuwa. Kukuwaza kamvula.

Afika isanakwane leveni. Pakhomo Mayi Tranter andiyang'ana nthawi yaitali, diso limodzi lowala ngati la mwana. Akuti: "Ndiwe wamng'ono chonchi? Mawu ako ndi a munthu wamkulu." Kenako andigwirabe nkhope ndi zala, kuti atsimikize.

Susan wanunkhiza m'mwamba, wafunsa ngati gasi akutuluka, wapita kukhitchini kukaona.

Mayi Tranter molunjika kushelefu. Sanayang'ane n'komwe. Maso atsopanowo, amene ndawakonzekera sabata yathunthu, awatsinzina. Dzanja lapita lokha pakati, chala chayenda pamaluwa osalala aja, chaima pang'ono. Atsegula. Anunkhiza kamodzi. Anunkhizanso kachiwiri, zimene sindinawaonepo akuchita.

"Amayi anga sankadya mazira."

Ndanena zonse nditaimirira pakhomo: kawaya, sopo, viniga, sipiriti, windo, paipi. Ndati kwathu chinthu chakuda ndi manyazi, ndimafuna adzaone zowala. Akhala pampando, kabotolo m'manja, osandiyang'ana. Wotchi yokha ndi imene imamveka, ndi kudontha kwa paipi.

Afunsa chinthu chimodzi: "Utathira madzi otentha, fungo linamveka?"

Ndati linamveka, khitchini yonse, ngati munthu waima pambali panga.

"Ndiye iwe wawamva bwino kuposa ine. Ine ndinkangomva kamphepo kake."

Ndathamangira m'mwamba. Ndatsika ndi chitenje, ndachichotsa m'pulasitiki chonse, koyamba chichokereni kwathu. Ndachiika pamiyendo pawo. Ndati awa ndi amayi anga, makina ochapira ali apo, muwachape, tifanane. Ndimanena zoona.

Achinyamula ndi manja awiri. Atsinzina. Anunkhiza.

"Utsi," akutero. "Ndi sopo. Anali mayi wolimbikira ntchito."

Kenako achipinda msangamsanga, kanayi, achilowetsa okha m'pulasitiki, afinya mpweya, amanga mfundo. "Chitsiru iwe, ukuchisiya poyera? Kabweze, utseke sutikesi. Fungo limatha."

Ndakabweza. Sutikesi ndaimasula, zovala zabwerera m'kabati. Vayoleti ndipatsa Ndaziona. Wokonza paipi abwera Lachiwiri. Kabokosi kofiira pakona akaona, akuti sankakakonda n'kale.

Tiyi wa madzulo ndapanga ine. Ndikulowa ndi thireyi, ndawapeza ali chilili pashelefu, msana kwa ine, kabotolo kamawangamawanga kali pamphuno. Ndaima pakhomo.

"Mwaswera bwanji, amayi," akutero. Adikira pang'ono. Kenako atseka msangamsanga, monga mwa masiku onse.